Kufunsira malo ku koleji ya ku America: yambani ndi funso la ndalama

Chaka chimene mwana wa mchemwali wanga ankamaliza sekondale, mayankho a makoleji anayamba kufika chakumapeto kwa Malichi. Atatsegula loyamba pa kompyuta n'kuona kuti amutenga, m'nyumba monse munali chimwemwe chokhachokha, mayi ake mpaka anagwetsa misozi. Patadutsa masiku atatu tinakhala pa tebulo ndi kalata yachiwiri, ya ndalama, ine pensulo ili m'manja. Ndinawonkhetsa, ndinachotsera, ndinabwerezanso poganiza kuti mwina ndasokoneza. Ndalama zotsala kuti banja lilipire zinali zoposa zimene mayi ake amapeza pa chaka chathunthu. Mtsikanayo sanalankhule kanthu. Anangotseka kompyutayo pang'onopang'ono n'kukalowa kuchipinda.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti vuto silinali iye. Mbali yake anaigwira bwino kwambiri. Amene tinamulakwira ndife akuluakulu. Makoleji tinasankha potengera kumveka kwa dzina, ndipo fomu ina ya ndalama tinaitumiza tsiku lake litadutsa chifukwa sitinkadziwa n'komwe kuti iliko.

Ndiye ngati muli ku sekondale ndipo mtima wanu uli pa koleji ya ku United States, dziwani kuti kufunsira malo ndi kufunsira ndalama ndi ntchito ziwiri. Iliyonse ili ndi mafomu ake ndi masiku ake, ndipo yoyenera kutsogolera inzake ndi ya ndalama. Nthawi yabwino yoyambira ndi chaka chimodzi ndi theka musanalowe koleji, kutanthauza chakumapeto kwa Giredi 11 (chaka chotsatiridwa ndi chomaliza cha sekondale) kwa amene akuphunzira m'sukulu za ku America komweko.

Choyamba, dziwani kuti mwaima pati

Ndalama za boma la America zimapita kwa nzika za dzikolo ndi ena ochepa amene lamulo limawalola, monga okhala ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dzikolo. Ngati muli m'gulu limeneli, makomo atatu ndi otsegula kwa inu: boma lalikulu, boma la state (chigawo cha dzikolo) imene mumakhala, ndi koleji yeniyeniyo.

Ngati simuli m'gulu limeneli, kaya mukufunsira muli kudziko lina kapena muli ku America pa viza, khomo la boma lalikulu ndi lotseka. Chiyembekezo chanu chachikulu chili pa thumba la koleji. Zimenezi zisakufooketseni, chifukwa makoleji ena ali ndi chuma chambiri ndipo amapereka ndithu. Koma zikutanthauza kuti kusankha koleji kwa inu si nkhani yongokonda malo. M'maiko ambiri muli maofesi a EducationUSA, amene ali pansi pa unduna wa boma la America woona za maiko akunja, ndipo amalangiza ophunzira ofuna kukaphunzira kumeneko. Yambirani kumeneko musanapatse munthu aliyense ndalama kuti akuthandizeni.

Chachiwiri, mtengo wolembedwa si umene mudzalipire

Koleji iliyonse imalemba mtengo wa chaka chonse, umene amautcha cost of attendance. Mkati mwake muli fizi, malo ogona, chakudya, mabuku, mayendedwe ndi zina zing'onozing'ono. M'makoleji otchuka omwe si a boma, mtengo umenewu umapitirira $80,000 pa chaka. Makolo ambiri akangoona nambala imeneyo amagwira pakamwa n'kuuza mwana kuti aiwaleko. Chodabwitsa n'choti kwa banja losauka, koleji yodula chonchoyo nthawi zina ndi imene imakhala yotsika mtengo kuposa zonse, chifukwa ili ndi ndalama zolipirira mwanayo pafupifupi chilichonse. Kuyambira chaka cha maphunziro cha 2025, Harvard ndi MIT analengeza kuti mabanja opeza ndalama zosapitirira $200,000 pa chaka salipira fizi, ndipo opeza zosapitirira $100,000 amalipiriridwanso malo ogona ndi chakudya, bola asakhale ndi katundu wochuluka modabwitsa. Princeton inasiya kuika ngongole m'thandizo lake kuyambira 2001. Berea College ya ku Kentucky siilipiritsa fizi kuyambira 1892, koma wophunzira aliyense amagwira ntchito pasukulupo.

Nambala imene muyenera kuifunafuna ndi ndalama zotsala akachotsa thandizo losabweza. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza koleji iliyonse yolandira ndalama za boma kuika pa webusaiti yake chowerengera chotchedwa net price calculator. Mumalembamo zimene makolo amapeza, katundu amene ali naye, kukula kwa banja, ndipo chimakupatsani chithunzithunzi cha zimene mungalipire. Chimalondola kwambiri kwa mabanja a ku America amene makolo ake ali pa ntchito ya malipiro okhazikika. Kwa a bizinesi, makolo osiyana banja kapena ofunsira akunja, chitengeni ngati chongokulozerani njira.

Apa pali ntchito imene ambiri amaithawa: kukhala pansi ndi makolo. Ndikudziwa kuti si chapafupi kuti mwana afunse bambo ake kuti amalandira zingati. Koma mafomu adzafunsa zomwezo mosapsatira, ndiye ndi bwino kuyamba msanga komanso mwaulemu. Musawafunse kuti "muli ndi ndalama zingati?" Afunseni kuti, "Bambo, pa chaka mungakwanitse kundithandiza ndi zingati popanda kutenga ngongole komanso popanda kusowetsa azing'ono anga?" Nambala imene angatchule, ngakhale itakhala yaing'ono bwanji, ilembeni. Ndi muyezo umene mudzayesere koleji iliyonse.

Chachitatu, konzani mndandanda wa makoleji

Pano ndi pamene nkhani ya ndalama imathera, ngakhale kuti ambiri amaganiza kuti imathera pa kusaka masikolashipu. Gawo lalikulu la ndalama zosabweza limachokera ku makoleji enieniwo ndi ku boma. Mukasankha makoleji ouma manja, palibe fomu imene ingakupulumutseni.

Thandizo la koleji lili pawiri. Lina amapereka poona kusowa kwa banja. Lina amapereka poona kukhoza kwa wophunzira m'kalasi, m'masewera kapena m'luso lina, osayang'ana kuti kwawo n'kolemera kapena ayi. Makoleji asanu ndi atatu a m'gulu lotchuka la Ivy League, monga Harvard, Yale ndi Princeton, sapereka la mtundu wachiwiriwu, amangoona kusowa basi. Makoleji ambiri apakatikati ndi amene amakopa ophunzira okhoza bwino ndi ndalama za kukhoza, ndipo kawirikawiri tsiku lomaliza kufunsira ndalama zimenezi limabwera msanga, mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. Ngati magiredi anu ali pamwamba pa ophunzira ambiri amene koleji imatenga, mwayi wanu wopeza ndalama pamenepo ndi waukulu.

Pa koleji iliyonse funsani mafunso awiri. Loyamba: posankha ophunzira, kodi amayang'ana kuti munthu akufuna thandizo? Amene sayang'ana amadzitcha need-blind, amene amayang'ana ndi need-aware. Lachiwiri: akakutengani, kodi amakwaniritsa kusowa kwanu konse, kapena amasiya mpata woti muone nokha chochita? Koleji ikhoza kukutengani osayang'ana umphawi wanu kenako n'kukupatsani theka lokha la zimene mukufunikira. Ndi zimene zinatichitikira ife.

Kwa ofunsira ochokera kunja, makoleji amene sayang'ana kusowa posankha komanso amakwaniritsa kusowa konse ndi owerengeka. Ena mwa iwo ndi Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin. Kupeza malo kumeneko n'kovuta zedi. Ku Harvard ndi ku MIT, mwa ofunsira 100 alionse amatenga osakwana 5. Funsiraniko ngati magiredi anu akulola, koma musamange moyo wanu wonse pa mayina amenewa. Pali makoleji ena ambiri, makamaka ang'onoang'ono otchedwa liberal arts college, amene amayang'ana kusowa posankha koma akakutengani amakulipirirani mokwanira.

Kuti mudziwe zoona, musadalire timabuku tokongola totsatsa koleji. Lembani pa Google dzina la koleji pamodzi ndi mawu akuti Common Data Set. Ndi chikalata cha manambala chimene makoleji ambiri amatulutsa chaka ndi chaka. Gawo C limaonetsa kuchuluka kwa ofunsira, otengedwa ndi mmene anakhozera mayeso. Gawo H ndi la ndalama, ndipo pa H6 pamalembedwa ophunzira akunja angati analandira thandizo komanso pafupifupi zingati aliyense. Mukapeza kuti koleji inathandiza ophunzira akunja asanu okha ndi ndalama zochepa, mwadziwiratu, pitirirani.

Mndandanda wabwino umakhala ndi makoleji asanu ndi atatu mpaka khumi ndi awiri: angapo ovuta kulowa, angapo ofanana ndi mphamvu zanu, ndi awiri amene mukutsimikiza kuti adzakutengani komanso mungathe kulipira. Mawu akuti kulipirawo ndawatsindika dala. Koleji imene ingakutengeni mosavuta koma simungaikwanitse si pothawira. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa okhala ku America, pothawira penipeni nthawi zambiri ndi yunivesite ya boma ya m'state yanu, poti anthu a m'state amalipira fizi yotsika kwambiri poyerekeza ndi ochokera kwina, kapenanso community college ya zaka ziwiri, kumene mukamaliza mumasamukira ku yunivesite n'kukatsiriza zaka ziwiri zotsalazo. Digiri imene mudzalandire idzakhala ya yunivesiteyo. Mwana wa mchemwali wanga anadzera njira imeneyi, ndipo palibe amene anamufunsapo kuti zaka ziwiri zoyambazo anali kuti.

Chachinayi, magiredi ndi mayeso

Chimene makoleji amayang'ana kwambiri ndi magiredi a zaka zonse za sekondale komanso kulimba kwa maphunziro amene munasankha. Mayeso olowera koleji a SAT, amene malikisi ake amayambira 400 kufika 1600, kapena a ACT, a 1 kufika 36, amabwera pambuyo. Kuyambira 2020 makoleji ambiri anasiya kuwakakamiza, koma ena abwerera: MIT inayambiranso kuwafuna mu 2022, ndipo Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard analengeza zofananazo mu 2024. Mayunivesite a University of California sawayang'ana n'komwe. Maganizo anga ndi oti lembani, makamaka ngati sukulu yanu siidziwika kwa anthu osankhawo kapena mukusaka ndalama za kukhoza. Lembani koyamba muli mu Giredi 11 kuti mukhale ndi mpata wobwereza. SAT tsopano imalembedwa pa kompyuta, ndipo zokonzekera zaulere zili pa Khan Academy ndi pa pulogalamu ya Bluebook. Ofunsira akunja angafunidwenso mayeso a Chingelezi monga TOEFL, IELTS kapena Duolingo English Test, ngakhale makoleji ena amakhululukira amene anaphunzira m'Chingelezi ngati apempha.

Chachisanu, fomu yofunsira malo

Makoleji opitirira 1,000 amalandira fomu imodzi yotchedwa Common Application, imene imatsegulidwa pa 1 Ogasiti chaka chilichonse. Mumalemba kamodzi n'kutumiza ku makoleji osapitirira 20. Ena, monga MIT ndi University of California, ali ndi mafomu awoawo. Koleji iliyonse imalipiritsa ndalama yofunsira, kawirikawiri pakati pa $50 ndi $90, ndipo makoleji akakhala khumi ndalamayo imakula. Ngati banja lanu ndi lovutika, pemphani kuti akukhululukireni. Mu Common Application momwemo muli malo opemphera, ndipo mlangizi wa pasukulu panu ndi amene amatsimikiza. Palibe chochititsa manyazi, ndipo anakonzera anthu ngati inu.

Aphunzitsi awiri ndi mlangizi adzafunika kukulemberani makalata okuchitirani umboni. Apempheni Giredi 11 isanathe, osati kutatsala sabata imodzi. Sankhani mphunzitsi amene anakuonani mukuvutika ndi phunziro n'kulimbikira, osati amene munangokhoza bwino kalasi yake koma sakudziwani. Mupatseni pepala limodzi lofotokoza zimene mukufuna kudzaphunzira ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mungakonde kuti akumbukire. Fomu idzakufunsani ngati mukulolera kuti musadzawerenge makalatawo. Lolerani, poti osankha amakhulupirira kwambiri kalata imene wophunzira sanaione.

Pali malo khumi olembapo zimene mumachita mukatuluka m'kalasi. Ophunzira ambiri a m'mabanja osauka amasiya malowa opanda kanthu poganiza kuti alibe choti alembe. Kulera azing'ono anu mayi ali kuntchito, kugwira ganyu Loweruka, kusamalira agogo odwala, kuimba kwaya, zonsezi zilembeni, pamodzi ndi maola amene mumathera pa sabata. Wosankha akaona kuti munakhoza bwino chonsecho mukugwira ntchito maola khumi ndi asanu pa sabata, magiredi anu amawaona ndi diso lina.

Kenako pali nkhani yofotokoza za inu mwini, ya mawu 250 mpaka 650. Apa ndi pamene ambiri amataya mwayi polemba zimene akuganiza kuti osankha akufuna kumva. Amayamba ndi mawu a munthu wotchuka, n'kulonjeza kuti adzasintha dziko. Munthu amene wawerenga nkhani makumi asanu tsiku limenelo sadzakumbukira ngakhale chiganizo chimodzi. Sankhani kanthu kamodzi kakang'ono kamene inu nokha mungakafotokoze, ndipo kaonetseni pafupi: madzulo amene munamasula wailesi yakufa n'kutsala ndi tizitsulo titatu tosadziwika kolowera, ndi zimene munachita mawa lake. Ngati munakumana ndi mavuto, afotokozeni, koma nkhaniyo isathere pa mavutowo. Akufuna kuona mmene mumaganizira. Mukalemba, werengani mokweza. Pamene lilime likupunthwa, kapena pamene mukumva ngati akulankhula ndi munthu wina, konzani. Wina akuwerengereni n'kukuuzani pamene sipakumveka, koma asakulembereni, kaya ndi munthu kaya ndi makina.

Chachisanu ndi chimodzi, masiku

Tengani pepala lalikulu mulipachike pakhoma, koleji iliyonse mzere wake, ndipo pa mzerepo masiku awiri: la fomu ya malo ndi la mafomu a ndalama.

Njira zofunsira zilipo zingapo. Ya nthawi zonse, Regular Decision, imatseka kumayambiriro kwa Januwale ndipo mayankho amabwera chakumapeto kwa Malichi. Early Action imatseka pa 1 kapena pa 15 Novembala, yankho limabwera msanga, ndipo simumangika. Makoleji ena amayankha mafomu akamafika, ndiye wofulumira ndi amene amapeza malo ndi ndalama zikadalipo.

Chenjerani ndi Early Decision. Masiku ake ndi ofanana ndi a Early Action, koma mumasaina pamodzi ndi kholo ndi mlangizi kuti akakutengani mudzapita kumeneko n'kuchotsa mafomu anu kwina konse. N'zoona kuti m'makoleji ambiri mwayi wotengedwa umakwera mukadzera njira imeneyi, ndipo n'zoonanso kuti amakumasulani ngati thandizo lawo silikukwanira. Koma mumataya chinthu chamtengo wapatali kwa mwana wosauka, chomwe ndi kuika makalata a makoleji angapo pa tebulo n'kuyerekeza. Ine ndingakulangizeni kuti muidzere pokhapokha ngati kolejiyo imakwaniritsa kusowa konse, ndipo chowerengera chake chakupatsani nambala imene makolo avomereza.

Chachisanu ndi chiwiri, mafomu a ndalama

Kwa nzika ndi ena ololedwa, fomu yaikulu ndi FAFSA, imene imalembedwa pa studentaid.gov. Ndi yaulere. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kuti muitumize akukuberani. Nthawi zambiri imatsegulidwa pa 1 Okutobala, ndipo imagwiritsa ntchito za msonkho wa zaka ziwiri zapitazo, moti wolowa koleji mu 2026 amalemba za ndalama za 2024. Inu ndi kholo lanu aliyense atsegule akaunti yakeyake pasadakhale, ndipo aliyense avomereze kuti za msonkho wake zitengedwe kuchokera ku IRS, bungwe la boma lotolera misonkho. Kholo likakana kuvomereza, thandizo la boma simulipeza, choncho afotokozereni bwinobwino kuti kusaina kumeneko si kutenga ngongole.

FAFSA imatulutsa nambala yotchedwa Student Aid Index, imene makoleji amaigwiritsa ntchito poyeza kusowa kwanu. Kudzera m'fomu imeneyi mungapeze Pell Grant, ndalama yosabweza imene m'chaka cha maphunziro cha 2025–26 inkafika $7,395, mungapeze ntchito ya pasukulu yotchedwa work-study, komanso ngongole za boma. Ma state ambiri amagwiritsanso ntchito fomu yomweyi pogawa ndalama zawo, ndipo ena amagawa mpaka thumba litatha. Tumizani m'masabata oyambirira. Ngakhale mukuganiza kuti kwanu mumapeza bwino, lembanibe, chifukwa makoleji ena safuna kupereka kalikonse kwa amene sanalembe.

Fomu imene ife tinaiphonya ndi CSS Profile, ya bungwe la College Board. Makoleji ambiri omwe si a boma amaifuna asanagawe ndalama zawozawo, ndipo kumbukirani kuti ndalama zazikulu zili kumeneko. Imafunsa mozama kuposa FAFSA: mtengo wa nyumba, bizinesi, ndalama zosunga, zolipira kuchipatala. Imalipiritsa $25 pa koleji yoyamba ndi $16 pa iliyonse yowonjezera, koma ophunzira a ku America ochokera m'mabanja opeza zosapitirira $100,000 salipira. Ngati makolo anasiyana, makoleji ambiri amafuna kuti onse awiri alembe. Ngati kholo linalo linasowa kalekale kapena kulifunafuna kungakuikeni pa ngozi, pali fomu yopempha kuti alichotsepo, ndipo mudzafunika kalata ya munthu wodalirika wodziwa nkhaniyo, monga mlangizi kapena mtsogoleri wa mpingo. Yambani msanga chifukwa zimatenga nthawi.

Ofunsira akunja amalemba CSS Profile kapena fomu ina imene kolejiyo yasankha, pamodzi ndi makalata a abwana a makolo ndi a ku banki. Chinthu chimodzi musachiphonye: nenani zoona kuti mukufuna thandizo pa nthawi yofunsira malo. Ena amabisa poganiza kuti akalowa adzapempha chaka chachiwiri. Makoleji ambiri salola wophunzira wakunja amene sanapemphe poyamba kuti adzapemphe pambuyo pake, ndipo mwana amatsala panjira ndi ngongole ya chaka chimodzi popanda digiri.

Za masikolashipu a mabungwe

Alipo, ndipo ndi ofunika kuwayesa, koma asakudyereni nthawi ya mafomu akuluakulu aja. A m'dera lanu, a mipingo, a makampani kumene makolo amagwira ntchito, amakhala ndi opikisana ochepa kusiyana ndi otchuka a pa intaneti. Kwa ophunzira okhoza bwino a m'mabanja osauka amene ali m'sukulu za ku America, QuestBridge ndi yofunika kuidziwa: imalumikiza ophunzira ndi makoleji amene amalipira zonse kwa zaka zinayi, ndipo imatseka chakumapeto kwa Sepitembala, anzanu ambiri asanayambe n'komwe kuganiza za mafomu. Funsaninso koleji kuti ikamva zoti mwapeza ndalama kwina imachotsa chiyani. Ina imachepetsa ngongole yanu, zomwe ndi zabwino, koma ina imachepetsa thandizo lake losabweza, inu n'kukhala ngati simunapeze kanthu. Ndipo wina akakuuzani kuti mwapambana sikolashipu imene simunafunsire, kapena kuti mutumize kaye kandalama kuti akusungireni malo, kapena akufuna nambala ya akaunti yanu ya ku banki, ameneyo ndi kathyali.

Makalata akafika

Makalata a thandizo salembedwa mofanana, ndipo ena amasakaniza mphatso ndi ngongole pamzere umodzi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tengani pensulo. Pa koleji iliyonse lembani mtengo wonse wa chaka, chotsanipo ndalama zosabweza zokha, ndipo chotsalacho ndiye mtengo wanu.

Tiyerekeze makalata awiri. Koleji yoyamba mtengo wake ndi $82,000 ndipo yakupatsani $74,000 yosabweza. Yachiwiri mtengo wake ndi $38,000, yalemba sikolashipu ya $15,000, ngongole yanu ya $5,500, work-study ya $2,500 ndi ngongole ya makolo ya Parent PLUS ya $15,000, pansi pake n'kulemba kuti chotsala ndi ziro. Maso amathamangira ku yachiwiriyo. Koma yoyamba ikukusiyirani $8,000, pamene yachiwiri ikukusiyirani $23,000 chaka chilichonse kwa zaka zinayi. Ndalama ya work-study simuilandira pa tsiku lolipira fizi, mumaigwirira ntchito n'kumalandira pang'onopang'ono. Ndipo Parent PLUS ndi ngongole ya mayi kapena bambo anu, ya chiwongoladzanja chokwererapo, imene angadzakalambe nayo.

Ngati ngongole siingapeweke, yambani ndi ya boma. M'chaka choyamba wophunzira amene akadali m'manja mwa makolo angabwereke mpaka $5,500, ndipo mwa imeneyi yosapitirira $3,500 ingakhale ya mtundu wa subsidized, umene boma limalipira chiwongoladzanja chake inu mukadali pasukulu. Inayo imayamba kubereka tsiku lomwe yaperekedwa. Ngongole za mabanki ziikeni kumapeto kwenikweni.

Funsaninso ngati sikolashipu ndi ya chaka chimodzi kapena ya zaka zinayi, ndi magiredi amene muyenera kusunga kuti isachotsedwe.

Thandizo likachepa, pemphani kuti aunikenso. Safunsa anadya phula. Ofesi ya za ndalama ili ndi mphamvu yosintha manambala ngati zinthu zasintha kuchokera m'chaka cha msonkho chija: kholo lachotsedwa ntchito, m'banja mwagwa matenda odula kapena maliro. Lembani kalata yaifupi ya ulemu, thokozani, fotokozani chimene chasintha, ikani mapepala aumboni, ndipo tchulani ndalama yeniyeni imene ikuperewera. Ngati koleji ina yofanana nayo yakupatsani zambiri, tumizani kalata yakeyo. Angathe kukana, koma sangakulandeni malo chifukwa chopempha.

Pofika pa 1 Meyi muyenera kukhala mutasankha koleji imodzi n'kulipira ndalama yosungitsa malo, ndipo ngati imeneyonso ikukuvutani, nenani, ena amaichotsa kapena kuichepetsa. Ochokera kunja adzalandira fomu ya I-20, imene imafunika pofunsira viza, koleji ikatsimikiza kuti ndalama za chaka choyamba zilipo, kenako amalipira $350 ya SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira akunja, n'kukafunsira viza ya ophunzira yotchedwa F-1. Malamulo a viza amasinthasintha, choncho werengani zimene ofesi ya kazembe wa America m'dziko lanu yalemba posachedwapa musanagule tikiti. Pa viza imeneyi mumaloledwa kugwira ntchito ya pasukulu maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Ndalama yake ingakugulireni mabuku ndi sopo, koma siingalipire fizi. Musaiwale kuwerengera tikiti ya ndege, inshuwalansi ya zaumoyo, zovala za nyengo yozizira, ndi kumene mudzakhale pa tchuthi cha Disembala nyumba zogona zikatsekedwa.

Musatayirire m'miyezi yomaliza ya sekondale, chifukwa koleji idzafuna magiredi anu otsiriza ndipo ikhoza kubweza malo ngati atsika kwambiri. Imelo yanu muziitsegula tsiku lililonse, poti nthawi zina ofesi ya ndalama imapempha mapepala owonjezera kuti itsimikize zimene munalemba, ndipo ndalama sizituluka mpaka mutawatumiza. FAFSA imalembedwanso chaka chilichonse, ndipo makoleji ambiri amafunanso CSS Profile chaka ndi chaka. Tsiku lomwe mwalipira ndalama yosungitsa malo, lembani m'foni mwanu chikumbutso cha 1 Okutobala, ndipo sungani m'chikwama chimodzi mapepala a msonkho a makolo, chifukwa mudzawafunanso.